Wophika wa ku Paris Amene Ankapemphera Pakati pa Miphika

Nkhani yathu ya mbiri yakale lero ikukhudza funso limene lakhala likuvutitsa Akhristu chiyambire mpingo. Funsolo ndi ili: kodi munthu wotanganidwa, amene kuyambira mbandakucha mpaka usiku akuitanidwa uku ndi uku, angathe bwanji kusunga mtima wake pa Mulungu? Aliyense amene anayesapo kupemphera akudziwa zimene zimachitika. Wangotseka maso kumene, maganizo athawira kumunda, ku ngongole ya kugolosale, kwa mwana amene akutsokomola m'chipinda. Pofika pa “Amen” mwini wake sakudziwanso zimene wanena.

Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 10, umasimba za alongo awiri, Marita ndi Mariya, amene analandira Yesu m'nyumba mwawo. Marita anatanganidwa ndi zophika, Mariya anakhala pansi kumvetsera, ndipo Yesu anayamikira Mariya. Kwa zaka mazana ambiri aphunzitsi a mpingo ankamasulira nkhaniyi motere: Marita akuimira moyo wa ntchito, Mariya akuimira moyo wa pemphero, ndipo wa Mariya ndiwo wopambana. Ambiri atamva zimenezi anaganiza kuti wofuna Mulungu ndi mtima wonse ayenera kuthawa ntchito ndi phokoso la anthu. Antony wa ku Igupto, amene anamwalira m'chaka cha 356, anasiya minda ya makolo ake nakakhala m'chipululu, ndipo anthu zikwizikwi anamtsatira. Koma atafika kumeneko anapeza chinthu chimene sanachiyembekezere. Msika anausiya kumbuyo, koma maganizo a kumsika anapita nawo. John Cassian, amene anakhala pakati pa amonke a ku Igupto ndipo pambuyo pake analemba za iwo ali ku Marseille cha m'ma 420, anayerekeza mtima wa munthu ndi mphero yoyendetsedwa ndi madzi. Mpheroyo siingaleke kuzungulira; chimene mwini wake angathe ndi kusankha mbewu zoti athiremo.

Nyumba za amonke zitafalikira ku Ulaya, vuto la Marita ndi Mariya analithetsa pogawa anthu pawiri. Ophunzira, odziwa Chilatini, ankakhala ansembe ndipo ankaimba mapemphero m'tchalitchi kangapo pa tsiku. Osaphunzira ankalandiridwa ngati abulazala a ntchito zamanja: olima, ophika, osoka, oyang'anira pakhomo. Iwowa ankagwira ntchito kuti anzawo aja apeze mpata wopemphera. Munthu amene tikambe za iye lero anali wa gulu lachiwirili, ndipo n'chifukwa chake mbiri yake ili yofunika.

Dzina lake lobadwa nalo linali Nicolas Herman. Anabadwa cha m'chaka cha 1614 m'mudzi wa Hériménil, pafupi ndi tauni ya Lunéville, m'dera la Lorraine. Lero Lorraine ndi gawo la dziko la France, koma masiku amenewo linali dziko palokha, lokhala ndi wolamulira wakewake, lopanikizika pakati pa France ndi maiko a Ajeremani. Ubwana wake wonse unatha Ulaya ali pa nkhondo yaikulu imene inayamba mu 1618 n'kudzatha mu 1648, yotchedwa Nkhondo ya Zaka Makumi Atatu. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo Lorraine anali udzuwo. Asilikali a France analanda likulu lake, Nancy, mu 1633. Magulu a nkhondo a mitundu yosiyanasiyana ankadutsa m'midzi akudya za alimi, kutentha nyumba, ndi kusiya mliri ndi njala m'mbuyo mwawo. Midzi yambiri inasanduka mabwinja, kotero kuti kuyambira mu 1639 wansembe wotchuka uja, Vincent de Paul, ankasonkhanitsa ndalama ku Paris zothandizira anthu a ku Lorraine.

Ali ndi zaka 18, Nicolas anaona chinthu chimene anachikumbukira mpaka ukalamba. Inali nyengo yachisanu, pamene mitengo ya ku Ulaya imayoyola masamba onse n'kuoneka ngati youma, monga ichitira mitengo ina ya kuthengo kwathu kuno dzuwa la chilimwe likafika pachimake. Iye anayang'ana mtengo umodzi wotere, nalingalira kuti posachedwa udzaphukanso, udzachita maluwa ndi kubala zipatso. Pomwepo anagwidwa ndi chitsimikizo chakuti Mulungu ndi wamphamvu ndiponso amasamala zolengedwa zake. Panalibe masomphenya, panalibe mawu ochokera kumwamba. Unali mtengo wamba m'nyengo yozizira.

Koma mtengowo sunamuletse kupita ku nkhondo. Analowa usilikali, ndipo nthawi ina anagwidwa ndi asilikali a Chijeremani amene anamuganizira kuti ndi kazitape, namuopseza kuti amupachika. Anamumasula ataona kuti sakunjenjemera. Mu 1635, asilikali a ku Sweden ataukira tauni ya Rambervillers, Nicolas anavulazidwa nabwerera kwa makolo ake. Usilikali unathera pomwepo, ndipo moyo wake wonse wotsala anali munthu wotsimphina.

Tsono apa mvetsetsani, omvera. Atachira, Nicolas anayamba wayesa njira yakale ija ya Antony. Anapita kukakhala kwayekha, kutali ndi anthu, kuti apemphere popanda chomusokoneza. Zinakanika. M'malo mwa mtendere anapeza mtima wosakhazikika, lero chimwemwe, mawa chisoni, popanda wina womuongolera. Anachokako napita ku Paris, kumene analembedwa ntchito ya m'nyumba kwa bwana wina wosunga chuma cha mfumu, dzina lake Fieubet. Za ntchito imeneyi iye mwini ankadziseka atakalamba, kuti anali chimunthu chaphuma chimene chinkaswa chilichonse chimene chagwira.

M'chaka cha 1640, ali ndi zaka pafupifupi 26, anagogoda pa nyumba ya chipani cha Karimeli imene inali mumsewu wa Vaugirard ku Paris. Akarimeli amenewa anali a nthambi yokhwimitsa malamulo imene anaiyambitsa Teresa wa ku Avila ndi John wa Mtanda ku Spain m'zaka za m'ma 1560. Ankatchedwa “opanda nsapato” chifukwa ankavala nkhwayira zokha, ngakhale m'nyengo yachisanu. Anamulandira ngati bulazala wa ntchito zamanja, namupatsa dzina lakuti Lawrence wa Kuuka kwa Akufa, ndipo anachita malumbiro ake a muyaya pa 14 Ogasiti 1642. Dzinalo linamuyenera kuposa m'mene akuluakulu aja ankadziwira: Lawrence woyera, dikoni wa ku Roma amene anaphedwa mu 258, ndiye nkhoswe ya ophika, popeza mwambo wa mpingo umati anamuwotcha pa chitsulo chootchera nyama. Bulazala watsopanoyo analowa m'nyumbamo akuyembekeza kuti adzalangidwa chifukwa cha phuma lake ndi machimo ake, ndipo ankaona kuti chilangocho n'chomuyenera.

Zaka 10 zoyamba zinali zowawa, ndipo amene amasimba mbiri yake mothamanga amakonda kuzidumpha. Lamulo la chipanicho linkafuna maola awiri a pemphero lachete tsiku lililonse, limodzi m'mawa, lina madzulo. Lawrence ankatha nthawi yonseyo akuthamangitsa maganizo oyendayenda, iwo n'kubwereranso, iye n'kuwathamangitsanso. Anawerenga mabuku ophunzitsa njira zosiyanasiyana zofikira kwa Mulungu, koma kuchuluka kwa njirazo kunangomusokoneza. Choopsa kwambiri chinali chakuti kwa zaka 4 anakhulupirira ndithu kuti iye ndi wotayika, wopita kumoto, ndipo panalibe munthu amene akanamuchotsa maganizo amenewo. Tikakumbukira zimene msilikali wa nkhondo ija akanatha kuona ndi kuchita m'midzi ya Lorraine, mantha otere sitingawadabwe. Chimene chinamumasula sichinali chitsimikizo chakuti wapulumuka ayi. Anangotsimikiza mumtima kuti analowa m'nyumbamo chifukwa chokonda Mulungu, ndipo adzapitiriza kuchita zonse chifukwa cha chikondi chomwecho, kaya atayika kaya apulumuka. Atasiya kudziyeza tsiku ndi tsiku, mtima unakhala pansi.

Nthawi yonseyi anali kukhitchini, ntchito imene mwachibadwa ankaida. Anaphika kwa zaka 15. Tiyeni tiione bwino khitchini imeneyi, chifukwa ena amaiganizira ngati kachipinda kachete ka munthu woyera. Nyumbayo inali ndi anyamata ambiri ophunzira za unsembe, ndipo pakamwa pofuna chakudya pankafika pafupifupi 100. Lamulo linkaletsa nyama kupatula kwa odwala, motero wophika ankadalira buledi, supu, ndiwo zamasamba, mazira ndi nsomba, ndiponso panali kusala kudya kuyambira pa 14 Sepitembala mpaka Pasaka. Zonse zinkaphikidwa pa moto wa nkhuni. Belu likalira chakudya chiyenera kukhala patebulo, osati pambuyo pake. Zakanso zomwezo mzinda wa Paris unali pa chipwirikiti: kuyambira mu 1648 mpaka 1653 kunali nkhondo yapachiweniweni, ndipo kuchiyambi kwa 1649 asilikali a mfumu anatseka misewu yobweretsa tirigu mumzindamo. Mayi aliyense amene anaphikapo pa maliro kapena pa ukwati, nkhuni zili zaziwisi, ndiwo zachepa, anthu anayi akumuitana nthawi imodzi, akudziwa malo amene Lawrence anaphunziriramo kupemphera.

Njira yake inali yosavuta kuifotokoza. Asanayambe ntchito ankaganizira mwadongosolo zonse zofunika pa tsikulo, chiti chiyambe, chiti chitsatire, napempha Mulungu kuti akhale naye. Ntchito ili mkati ankalankhula naye mawu ochepa ochepa, monga munthu alankhulira ndi mnzake amene akugwira naye ntchito limodzi: kupempha thandizo, kuthokoza, kapena kungomukumbukira. Dzira limene ankalitembenuza m'chiwaya ankaliona ngati mphatso yoti angapereke, ndipo ankati Mulungu amayang'ana chikondi chimene ntchito yachitidwa nacho, osati kukula kwa ntchitoyo. Akamaliza ankadzifunsa m'mene wagwirira. Ngati zayenda bwino ankathokoza. Ngati waiwala Mulungu kwa maola angapo, kapena wapsa mtima, ankavomereza kulakwako mosabisa ndi mosadziikira kumbuyo, napempha chikhululukiro, nabwerera pomwe anasiyira popanda kudzizunza.

Mbali yotsirizayi, m'kuona kwanga, ndiyo mtima wa chiphunzitso chake chonse. Zocheukitsa zimavulaza munthu kawiri. Poyamba zimachotsa maganizo pa Mulungu. Kenaka munthu uja akazindikira kuti wasochera amayamba kudzikalipira, ndipo kudzikalipirako kumasanduka chocheukitsa china chachikulu kuposa choyamba, popeza tsopano akuganiza za iye mwini ndi kulephera kwake. Lawrence anadula chachiwirichi. Kwa iye kudzipereka kwa Mulungu kunali kubwerera, kambirimbiri pa tsiku, mofatsa, mpaka kubwererako kutasanduka chizolowezi. Sisitere wina atamulembera kudandaula kuti maganizo ake amayendayenda pa nthawi ya pemphero, iye anamuyankha kuti vutolo si lake yekha, kuti asachulutse mawu popemphera, ndipo anaonjeza mfundo imene ndiiona yanzeru kwambiri: njira yosonkhanitsira maganizo pa ola la pemphero ndiyo kusawalola kupita kutali pa maola ena onse. Mbuzi imene yakhala ikudya m'minda ya eni tsiku lonse siilowa m'khola mwaulemu madzulo. Patapita zaka, Lawrence anafika poona kuti nthawi ya ntchito ndi nthawi ya pemphero sizikusiyananso kwa iye. Koma tisaiwale kuti pofika pamenepo panadutsa zaka zambiri za kugwa ndi kudzuka.

Pali nkhani ina yosonyeza kuti sanali munthu wa m'khitchini mokha. Mu 1666 anamutuma ku Burgundy kukagula vinyo wa nyumba yonse, ndipo chaka chimodzi izi zisanachitike anali atapita ku Auvergne pa ntchito yomweyo. Sankadziwa za malonda, ndipo chifukwa cha mwendo wake sankatha kuyenda m'bwato lodzaza katundu koma kudzigubuduza pamwamba pa migolo. Anauza Mulungu kuti ntchitoyo ndi yake, naigwira, ndipo vinyo anafika. Mwendo utakula ululu ndi nyamakazi, akuluakulu anamuchotsa kukhitchini namuika ku ntchito yosoka nkhwayira za anzake, kuti azigwira atakhala pansi.

Kumeneko ndiko anthu anayamba kumufunafuna, osauka ndi olemera omwe. Mmodzi wa iwo anali wansembe wachinyamata, Joseph de Beaufort, amene anacheza naye koyamba pa 3 Ogasiti 1666, nabweranso pa 28 Sepitembala ndi pa 22 Novembala chaka chomwecho, ndiponso pa 25 Novembala 1667. Akachoka ankalemba zimene wamva. Pafupifupi zonse zimene tikudziwa za Lawrence zinatifika kudzera mwa munthu ameneyu, pakuti Lawrence mwini ankang'amba zambiri zimene ankalemba.

Wina angafunse, ndipo funsolo n'loyenera: kodi si zapafupi kwa munthu wopanda mkazi, wopanda ana, wosadziwa fizi ya sukulu kapena msonkho? N'zoona kuti Lawrence anali ndi zomuthandiza zimene ambiri a ife tilibe. Pogona ndi chakudya zinali zotsimikizika, ndipo belu linkamukumbutsa za Mulungu kangapo pa tsiku. Sitiyenera kuyerekeza moyo wake ndi wa mayi wamasiye wolera ana asanu ngati kuti ndi chimodzimodzi. Komabe mwa makalata ake 16 amene anasungidwa, ena analembera anthu wamba okhala m'mabanja mwawo, ndipo sanawauze kuti asiye nyumba zawo. Mayi wina anamuuza kuti sikofunika kukhala m'tchalitchi nthawi zonse kuti munthu akhale ndi Mulungu, popeza mtima ungathe kukhala kachipinda kopemphereramo. M'kalata ina anatumiza malangizo kwa mnyamata wina msilikali, kuti kukweza mtima kwa Mulungu kwa kamphindi, ngakhale ali pa ulendo wa nkhondo chida chili m'manja, n'kokwanira ndipo sikuchepetsa kulimba mtima. Amene analemba zimenezi anali msilikali wakale wodziwa chimene akunena.

Pa 6 Febuluwale 1691 analemba kalata yake yotsiriza, m'mene ananena kuti akuyembekeza kuona Mulungu m'masiku ochepa. Anamwalira pa 12 Febuluwale, ali ndi zaka pafupifupi 77. Beaufort anasonkhanitsa makalata ndi timalangizo tochepa timene tinapezeka, nazisindikiza mu 1692, ndipo mu 1694 anatulutsa buku lachiwiri lokhala ndi macheza anayi aja.

Mabukuwo anatuluka pa nthawi yoipa. Mu 1687 Papa Innocent XI anali atatsutsa chiphunzitso cha wansembe wa ku Spain, Miguel de Molinos, chimene chinkamveka ngati chikunena kuti mzimu wangwiro ungokhala chete pamaso pa Mulungu, osachita kanthu, osapempha kanthu, osasamala ngakhale za chipulumutso chake. Ku France mkangano womwewo unabuka pakati pa maepiskopi awiri otchuka, Bossuet wa ku Meaux ndi Fénelon wa ku Cambrai. Fénelon ankamudziwa Lawrence, anacheza naye ali wodwala, ndipo podziteteza anatchula wophika uja ngati chitsanzo cha chikondi chosayembekezera malipiro. Mu 1699 Papa Innocent XII anatsutsa mfundo 23 za m'buku la Fénelon. Zolemba za Lawrence sizinatsutsidwe konse, ndipo Beaufort anayesetsa kusonyeza kuti bulazala wake sanali wa gulu limenelo. Anali ndi chifukwa chomveka: munthu amene ankakonza ntchito yake mwadongosolo, kupempha thandizo pa chilichonse, ndi kudyetsa anthu 100 pa nthawi yake kwa zaka 15, n'kovuta kumunena kuti ankaphunzitsa kukhala manja lende. Koma fumbi la mkanganowo linamugwera, ndipo Akatolika a ku France anamuiwala kwa zaka zoposa 200.

Amene anamusunga anali Apulotesitanti. Pierre Poiret, Mfalansa wokhala ku Holland, anasindikizanso zolembazo mu 1710. Gerhard Tersteegen, wolemba nyimbo za mpingo ku Germany, anafalitsa mbiri yake m'Chijeremani. Ku Mangalande John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, anasindikiza zina mwa zolembazo kuti anthu ake aziwerenga, anthu amene ambiri a iwo anali okumba malasha, oluka nsalu ndi antchito a m'nyumba. M'Chingerezi kabukuko kanadziwika ndi dzina lakuti The Practice of the Presence of God, ndipo kasindikizidwa kosawerengeka. Mu 1930 mmishonale wa ku America, Frank Laubach, ali pa chilumba cha Mindanao ku Philippines, anayamba kuyesa kukumbukira Mulungu mphindi iliyonse ya tsiku, njira yofanana ndi ya Lawrence. Ndi Laubach yemweyo amene anadzatchuka m'maiko ambiri chifukwa cha sukulu za kwacha, ndi njira yake yakuti aliyense wodziwa kuwerenga aphunzitse mnzake mmodzi. Motero bulazala wa Chikatolika anakhala mphunzitsi wa pemphero m'mipingo imene pa nthawi ya moyo wake inali pa nkhondo ndi mpingo wake, nkhondo yomwe ija imene inamulemaza mwendo.

A chipani chake anadzamukumbukiranso m'zaka za m'ma 1900. Mu 1991, patatha zaka 300 chimwalirire, wansembe wa Karimeli, Conrad De Meester, anasindikiza zolemba zonse m'Chifalansa atazifufuza mosamala ndi kuziyerekeza ndi mabuku oyambirira a Beaufort. Chipani chomwecho cha Akarimeli opanda nsapato chili ndi ansembe ake kuno ku Malawi. Nyumba ya mumsewu wa Vaugirard inaona zoopsa pambuyo pake: pa nthawi ya kuukira boma ku France inasandutsidwa ndende, ndipo pa 2 Sepitembala 1792 ansembe oposa 100 anaphedwa pamalopo. Lero malowo ndi a sukulu yaukachenjede ya Institut Catholique de Paris, ndipo tchalitchi cha Yosefe Woyera, m'mene Lawrence ankamvera Misa asanapite kukasonkha moto, chidakalipo. Mpingo wa Katolika sunamulengeze kuti ndi woyera, ndipo m'mabuku amangotchedwa Bulazala Lawrence.